Mmene mungatsatire mbiri ya ma Hardy Boyz kuyambira pachiyambi osataya bandulo pachabe

Anthu ambiri amene timakonda wrestling ma Hardy Boyz timawadziwa kudzera mu timakilipu ta masekondi 30 tija ta pa Facebook, Jeff akudumpha pa makwerero basi, kenako anthu kukuwa. Koma ukawafunsa kuti ndewu imeneyo anawina ndani, ziii. Ndiye ndati ndikuyalireni ndondomeko yomwe ine ndinatsata, kuti muwaonere motsatana ngati filimu imodzi yaitali, chifukwa nkhani ya anyamata awiriwa imakoma ukaiona mwa dongosolo lake.

Choyamba musanatsegule n'komwe YouTube dziwani anthu ake. Matt ndiye wamkulu, anabadwa 1974, Jeff 1977, ndi apachibale enieni a bere limodzi osati zopeka za pa TV zija, kwawo ndi ku Cameron ku North Carolina. Bambo awo anali mlimi wa fodya, eya fodya weniweni ngati wathu wa ku Kasungu, ndipo mayi awo anamwalira ndi khansa anawa akadali ang'ono. Anayamba kumenyana pa trampoline kuseri kwa nyumba, kenako 1997 anali ndi kagulu kawokawo kotchedwa OMEGA. Izi zisungeni m'mutu chifukwa mudzamvetsa bwino chifukwa chake amadumpha ngati alibe mafupa.

Kenako sakani ndewu zawo zakalekale za 1994 ku WWF, nthawi imeneyo WWE inali isanasinthe dzina. Apa anali ma jobber, kutanthauza anthu ongobweretsedwa kuti adzamenyedwe ndi akuluakulu. Jeff anali ndi zaka 16 zokha, ananama msinkhu, n'kukalowa mu ring'i ndi Razor Ramon. Imodzi yokha ikukwanira, musataye nthawi apa, ingoonani mmene analili owonda basi. Kontirakiti yeniyeni anasaina 1998.

Pamene muyenera kukhala pansi bwinobwino ndi 1999. Mu July chaka chimenecho, ali ndi manejala wawo Michael Hayes, analanda malamba kwa ma Acolytes, Faarooq ndi Bradshaw, koma sanakhale nawo ngakhale mwezi. Ndewu yofunika ndi ya makwerero ya pa No Mercy mu October 1999, iwo ndi Edge ndi Christian, pamwamba atapachika chikwama cha $100,000. Imeneyi dawunilodani yonse osati ma highlights, ndipo musaithamangitse. Chomwe muyang'ane ndi anthu oonera, poyamba angokhala duu chifukwa anyamata anayi onsewa sanali otchuka kwenikweni, koma mukamafika kumapeto sitediyamu yonse yaimirira. Ma Hardy anawina. Usiku umenewo ndi umene tag team, ndewu za awiriawiri zija, inasiya kukhala nthawi yoti anthu apite kukagula zakumwa.

Tsopano 2000 ndi 2001, apa ndi pa mnofu. Tsatani chonchi. Royal Rumble 2000 ku Madison Square Garden ndi ma Dudley Boyz, ndewu ya matebulo, ma Hardy anawina, Jeff anadumpha kuchokera pamwamba pa khomo lolowera. Kenako WrestleMania 2000 matimu onse atatu, ma Hardy, ma Dudley ndi Edge ndi Christian, pa makwerero. Kenako SummerSlam 2000 ku Raleigh, TLC yoyamba, kutanthauza matebulo, makwerero ndi mipando zonse zololedwa. Ndiye mumalize ndi WrestleMania X-Seven pa 1 April 2001 ku Astrodome ku Houston, pomwe Jeff analendewera m'malere atagwira malamba makwerero atamuchotsera ndiye Edge anadumpha kuchokera pa makwerero ena n'kumuwomba spear, kumugunda ndi phewa pamimba, mpaka pansi, kilipu yomwe aliyense anaionapo koma ambiri sadziwa kuti inachokera kuti.

Ndiye tengani kapepala muzilemba amene wawina. Mupeza chinthu chimene chinandidabwitsa ine. WrestleMania 2000 anawina Edge ndi Christian. SummerSlam, kwawo kwenikweni kwa ma Hardy ku North Carolina, anawinanso Edge ndi Christian. X-Seven, Edge ndi Christian kachitatu, mothandizidwa ndi Rhyno. Ndewu zitatu zazikulu zimene zinawapanga ma Hardy kukhala ma Hardy, zonse analuza! Ndipo mukangowerenga mndandanda wa malamba pa intaneti simungazione zimenezi, mungoganiza kuti anali timu yachitatu. Koma funsani aliyense kuti TLC ndi ya ndani, akuuzani Jeff. Pofuna kupumitsa mtima onerani Unforgiven 2000, ya mu khola lachitsulo, pamenepo ndiye anawagonjetsa Edge ndi Christian n'kutenga malamba.

Mukamaonera zimenezi phunziraninso kusiyanitsa ntchito ya awiriwa chifukwa maso amangothamangira kwa Jeff. Matt ndi amene amakonza, amagwada pansi Jeff n'kupondera pa msana pake kudumphira munthu pa kona, imeneyo ndi Poetry in Motion. Matt amamenya Twist of Fate, Jeff n'kumalizitsa ndi Swanton Bomb. Bwezani kambuyo muone amene akukoka makwerero kuwaika pamalo pake, nthawi zambiri ndi Matt. Kwa ine iyeyu anthu amamuchepetsa kwambiri. Ndipo musaiwale Lita, analowa 2000 n'kukhala Team Xtreme, mtsikana amene ankadumphira amuna osaopa.

Za kupatukana kwawo koyamba, Vengeance 2001 pomwe anamenyana okhaokha Lita ali refa, mutha kudumpha, sinali yokoma. Koma ya Jeff ndi Undertaker pa Raw mu July 2002 ija ya makwerero musaisiye ngakhale si ya tag team. Jeff anachotsedwa ntchito 2003, anapita ku TNA, kampani ina ya wrestling, anabwerera ku WWE 2006. Chaka chimenecho kuli Armageddon pomwe makwerero anaphwanya nkhope ya Joey Mercury, mmodzi wa omwe ankamenyana nawo, ngati muli ndi mtima wofooka kapena mukudya nsima ingoidutsani, magazi ake si a masewera. Nthawi zambiri timatsutsana kuti wrestling ndi yabodza, eya owina amakhala atasankhidwa kale, koma mphuno ija inathyokadi.

Chotsatira ndi 2008 mpaka 2009. Jeff anatenga lamba wamkulu wa WWE pa Armageddon mu December 2008, ndiye patangotha mwezi pa Royal Rumble mkulu wake yemwe anamumenya ndi mpando m'mutu, Edge n'kutenga lamba. Onerani izi motsatana ndi WrestleMania 25 pomwe Matt anawina, kenako Backlash pomwe Jeff anabweza atamumangirira pa tebulo. Nkhani ya nsanje ya pachibale, mkulu amene wakhala akugwada kuti mng'ono wake apondere, imagwira mtima ngati mwaonera zakale zija kaye. Mukayambira pompa mungoona amuna awiri akumenyana basi.

2016 ku TNA ndiye kuli misala. Matt anasintha n'kukhala Broken Matt, tsitsi loyera mbali imodzi, kalankhulidwe kachilendo, kumangokuwa Delete, Jeff n'kumamutchula Brother Nero. Sakani The Final Deletion, anajambulira kwawo ku Cameron, muli ma drone, zophulitsa za pa Khirisimasi zija, zonse. Koyamba mudzati kodi ndikuonera chani, ine ndinatseka pakati kkkk, koma ipatseni mpata wachiwiri.

Yomaliza pa mndandanda wanga ndi WrestleMania 33 ku Orlando pa 2 April 2017, tsiku limene anabwerera ku WWE. Koma musanaitsegule dziwani kuti dzulo lake lomwelo, pa 1 April, anali atamenya ndewu ina ya makwerero ndi ma Young Bucks ku kampani ya Ring of Honor n'kuluza malamba a kumeneko, ndiye anthu sankayembekezera kuti mawa lake anthu a zaka 42 ndi 39 angakwerenso makwerero. New Day, gulu lomwe linkatsogolera mwambowo, inatuluka n'kulengeza kuti pa ndewu ya matimu atatu pali timu yachinayi, nyimbo ya ma Hardy ija n'kulira. Imeneyi ikani mahedifoni, voliyumu mpaka kumapeto, phokoso la anthu ndi limene mukufuna. Anawina malamba a Raw usiku womwewo, patatha zaka 16 chilendewerereni Jeff ku Houston.

Za kampani ya AEW komwe Matt anapita 2020 Jeff n'kumutsatira 2022, ndi kubwerera kwawo ku TNA 2024, mudzaona mukakhala ndi bandulo yotsala. Pa nkhani ya data, ikani pa 360p, zakale za 1999 zija ngakhale muike HD sizisintha kanthu, ndipo dawunilodani usiku pa bandulo yotchipa ija mudzaonere masana. Ngati ndalama ikungokwana ndewu zitatu zokha, tengani No Mercy 1999, X-Seven ndi WrestleMania 33, koma motsatana chomwecho, musayambire kumapeto.