Madontho akuda pa mango amayambira kumunda

Anzanga olima mango, madontho akuda amene mumaona mango akamapsa sayamba tsiku limenelo ayi. Matendawa, anthracnose, ndi fangasi amene amalowa chipatso chikadali chanthete, n'kubisala pakhungu mpaka chitayamba kufewa. N'chifukwa chake dengu lochoka kumunda lili bwinobwino limakawolera kumsika, zomwe zimandiwawa kwambiri ndikaganiza za thukuta la mlimi.

Ntchito yeniyeni imayamba mukangomaliza kuthyola. Dulirani nthambi zouma ndi zothithikana pakati pa mtengo kuti mphepo ndi dzuwa zizilowa, pakuti fangasiyu amakonda chinyezi ndipo amafalikira ndi madontho a mvula. Mango ouma otsalira m'mwamba aja ambiri timangowasiya, komatu ndiwo nkhokwe ya matenda. Agwetseni, muwakwirire kapena kuwatentha pamodzi ndi zodulirazo.

Mankhwala a kopa kapena mancozeb amateteza, sachiza, choncho yambani kupopera maluwa akamatuluka, motsatira muyezo wolembedwa papaketi. Obzala kumene, mango a mtundu wa Tommy Atkins amapirirako matendawa kuposa a mtundu wa Kent.

Mukathyola, viikani mango m'madzi otentha madigiri 52 kwa mphindi 5. Musayeze ndi chala, pezani choyezera, chifukwa akatenthetsa amawaula khungu.