Momwe mungasamalire m'kamwa mwa agogo odwala shuga kapena BP

Munthu wamkulu akayamba kutafunira mbali imodzi, kukana chimanga chootcha ndi nyama, n'kumangofuna phala ndi tiyi, pabanja timafulumira kunena kuti ndi ukalamba. Kawirikawiri vuto limakhala lili m'kamwa. Mano saguluka chifukwa cha zaka. Amaguluka chifukwa chowola komanso chifukwa cha matenda a nkhama, ndipo ziwirizi zimakula msanga mwa munthu wa shuga kapena amene amamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku.

Yambani ndi kuona

Sambani m'manja ndi sopo, muwakhazike agogo poyera, muyatse tochi ya pafoni. Musayang'ane pamwamba pa mano pokha ngati mmene timachitira ndi ana. Tukulani mlomo muone pamene dzino lakumana ndi nkhama. Munthu akamakula nkhama zimabwerera m'mbuyo, n'chifukwa chake mano a okalamba amaoneka ataliatali. Mbali imene yatulukayo ndi muzu, ndipo muzu ulibe chikutu choyera cholimba chija. Umawola msanga, mwakachetechete. Mukaona kadontho kofiirira kapena kakuda m'tsinde mwa dzino, kapena kamphako ngati pamene mbewa yaluma mbatata, ameneyo ndiye mdani. Dzino lotere limatha kuthyokera pansi osapwetekapo n'kale lomwe.

Onaninso nkhama zotupa kapena zotuluka magazi, mafinya, dzino logwedera, zoyera zokhala ngati chambiko palilime, ndi ming'alu m'mbali mwa milomo. Chitani zimenezi kamodzi pamwezi.

Katsukidwe kake

Mswachi ukhale wofewa, wamutu waung'ono. Wolimba umapala muzu ndi kukankha nkhama. Mankhwala otsukira mano akhale okhala ndi fluoride, chinthu chimene chimalimbitsa mano. Werengani pachubu: pakhale nambala ya pakati pa 1000 ndi 1500 ppm, ndipo kwa munthu wamkulu 1450 ndiyo yabwino. Dzina la kampani si nkhani, nambalayo ndiyo nkhani.

Pendekani mswachi kuti tsitsi lake liloze ku nkhama, mutsuke mozungulira pang'onopang'ono, mano awiri kapena atatu nthawi imodzi, kunja, mkati ndi potafunira. Zonse zitenge mphindi 2. Malo amene ambiri amawaiwala ndi kuseri kwa mano akutsogolo a m'munsi, ndi m'mbali mwa dzino limene latsala lokha pafupi ndi gweru.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: mukatha, lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi. Kuchukucha kumachotsa fluoride amene amafunika kutsala pa mano kuti awalimbitse. Tsukani kawiri patsiku, ndipo ulendo wofunika kwambiri ndi wa usiku pokagona, chifukwa m'tulo malovu amachepa. Mukatsuka usiku, chololedwa ndi madzi basi.

Magazi akatuluka musasiye. Nkhama zimatuluka magazi chifukwa cha litsiro lokhalitsa, ndipo zikamatsukidwa bwino zimasiya pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Zikapitirira, pitani kuchipatala. Mswachi musinthe miyezi itatu iliyonse kapena ukanyankhalala. Kamtengo kotafuna kamachotsa litsiro ndithu, koma kokha sikapereka chitetezo cha mankhwala aja, choncho pakanipo mankhwala. Makala, phulusa ndi mchenga zimayeretsa mano powapala. Pa muzu woonekera zimakumba ngalande.

Ngati zala za agogo zauma ndi nyamakazi, kulungani chogwirira cha mswachi ndi kansalu, mumange ndi mphira, kuti chinenepe chigwirike.

M'kamwa mouma

Malovu ndiwo amatsuka mano ndi kuzimitsa asidi. Akachepa, mano amene anakhala bwinobwino zaka 60 amatha kuwola ambiri nthawi imodzi. Shuga wokwera amaumitsa m'kamwa. Mankhwalanso ena amatero: hydrochlorothiazide wa BP, amitriptyline, ndi piritoni. Ena a BP monga nifedipine ndi amlodipine, komanso phenytoin wa khunyu, amatha kukulitsa nkhama mpaka kukwirira mano, makamaka m'kamwa mosatsukidwa bwino.

Musawasiyitse mankhwala. BP yosasamalidwa imabweretsa sitiroko. Kanenani tsiku la kiliniki, adokotala aone ngati angasinthe. Kunyumba, pakhale botolo la madzi pafupi, azimwa pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo nsima izikhala ndi msuzi wokwanira. Choopsa n'chakuti munthu wouma kukhosi amakonda kubwira siwiti kapena kumangopsontha sobo. Kumeneko n'kuthira mafuta pamoto. Amene amapopera mankhwala a mphumu a beclomethasone azichukucha ndi kulavula akatha kupopera, apo ayi zoyera zija zimamera palilime.

Shuga wa mu kapu

Tizilombo ta m'kamwa tikalandira shuga timatulutsa asidi amene amadya dzino kwa mphindi pafupifupi 30. Choncho chimene chimaononga kwambiri ndi kubwerezabwereza. Kapu imodzi ya thobwa lotsekemera yomwedwa pamodzi ndi chakudya siifanana ndi kapu yomweyo yopsonthedwa kuyambira m'mawa mpaka masana. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga patsiku, omwe ndi timasupuni 12, ndipo ndi bwino kutsika mpaka 6. Tiyi wa timasupuni titatu katatu patsiku wafika kale pa 9, tisanawerenge phala. Chotsani theka la supuni sabata iliyonse, lilime limazolowera. Uchi nawonso ndi shuga.

Kwa odwala shuga nkhaniyi ili pawiri. Shuga akakwera m'magazi nkhama zimatupa ndi kuchedwa kupola, ndipo nkhama zotupazo zimapangitsanso kuti shuga avute kutsika. Munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika koma nambala sizikutsika, aonedwenso m'kamwa.

Mano oikirira, ndi odwala ogona

Mano oikirira avulidwe usiku uliwonse kuti nkhama zipume. Atsukeni ndi mswachi wakewake ndi sopo, pamwamba pa beseni la madzi kuti akapulumuka asasweke, kenako muwaviike m'madzi ozizira. Madzi otentha amawapinda. Akayamba kukhwepa kapena kutupitsa, musawapale ndi mpeni.

Wodwala sitiroko kapena wosatha kudzuka, mutsamiritseni akhale tsonga, kapena agone chammbali. Chakudya chimatsalira m'tsaya la mbali yakufayo, choncho chotsani ndi kansalu konyowa kokulunga pa mswachi musanatsuke. Ikani mankhwala otsukira mano ochepa, ndipo thovu mulipukute m'malo mowapatsa madzi. Ngakhale opanda dzino ndi limodzi lomwe, nkhama ndi lilime zipukutidwe kawiri patsiku, chifukwa litsiro la m'kamwa likatsamwira m'mapapo limayambitsa chibayo.

Nthawi yopita kuchipatala

Zipatala za maboma zili ndi mbali ya mano, ndipo zovuta zimatumizidwa ku Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba kapena Mzuzu Central. Kufika msanga kumapereka mpata woti dzino limatidwe kapena miyala ya m'nkhama ipalidwe. Kufika tsaya litatupa, chotsala n'kuzula. Tengani buku la kuchipatala ndi mapiritsi onse. Nenani ngati akumwa aspirin kapena warfarin, mankhwala amene amachedwetsa magazi kuundana, koma musasiye nokha. Wa shuga apite m'mawa atadya ndi kumwa mankhwala ake.

Podikira tsikulo, panado ndi madzi ofunda a theka la supuni yaing'ono ya mchere mu kapu zimathandiza: panadoyo amwe, madziwo achukuche n'kulavula. Musaike aspirin pa dzino, amawotcha nkhama. Chilonda cha m'kamwa chimene chatha sabata zitatu osapola, makamaka kwa osuta chingambwe, oika fodya m'kamwa kapena omwa kachasu, chikaonedwe chifukwa khansa imatha kuyamba choncho. Kutupa kumene kwatsikira pansi pa chibwano kapena kukwera ku diso, ndi kutentha thupi, kulephera kuyasamula kapena kumeza, musadikire kuti kuche: pezani galimoto usiku womwewo.