Laputopu ikakana kugona mutaitseka, yambani ndi singano

Mwezi wa Okutobala aphunzitsi ena a kuno ku Ulónguè anafika pakabenchi kanga kokonzera mafoni ndi makompyuta atanyamula laputopu yotentha ngati mbale ya nsima yongophula kumene. Anali atachokera ku Tete pa chapa. Akuti anangoitseka n'kuika m'chikwama monga mwa masiku onse, koma asanapitirire Moatize anayamba kumva chikwama chikuotcha pamiyendo. Amene amaidziwa Tete ya mu Okutobala, pamene kutentha kumadutsa madigiri 40, akudziwa kuti makina oyaka m'chikwama chotseka sachedwa kuwonongeka. Batire inali itatheratu.

"Achimwene, mungoikamo Windows yatsopano," anatero. Ndinawapempha kuti tidikire kaye, chifukwa vuto limeneli nthawi zambiri silifuna kufufuta chilichonse, ndipo munali mayeso a ana a chaka chonse.

Laputopu ilibe maso oonera kuti yatsekedwa. M'mphepete mwa chivundikiro, mbali ya sikirini, opanga ambiri amabisamo kamaginito kochepa ngati njere ya mpunga kapena kokulirapo pang'ono. Kumunsi, pafupi ndi kiyibodi, kumakhala kasensa kotchedwa Hall, dzina la Edwin Hall amene anatulukira m'chaka cha 1879 mmene maginito amakhudzira magetsi oyenda m'chitsulo. Ziwirizi zikayandikizana, kasensa kamauza makina kuti chivundikiro chatsika, ndipo Windows ndi imene imasankha chochita. Malaputopu akalekale anali ndi kabatani koonda pafupi ndi polumikizira sikirini, kamene kamadindika mukatseka. Ngati yanu ili nako, kapukuteni fumbi n'kukadina ndi chikhadabo, chifukwa kamakonda kukanirira.

Choyamba n'kudziwa mbali imene yalakwa. Yatsani laputopu, muzitsitsa chivundikiro pang'onopang'ono uku mukusuzumira pampata. Sikirini ikazima patatsala mpata wolowa chala, sensa ndi maginito zili bwino, vuto lili m'mapulogalamu. Ikamawalabe mpaka kutsekeka, kayikirani maginito kapena sensa.

Ngati sikirini ikuzima koma fani ikumvekabe, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe powercfg.cpl. Patseguka Power Options, kapena Opções de Energia kwa amene Windows yawo ili m'Chipwitikizi. Kumanzere kuli mzere wa Choose what closing the lid does. Muli mabokosi awiri, lina la pabatire, lina la pachaja, ndipo anthu ambiri amakonza limodzi n'kuiwala linzake. Mukapeza Do nothing, sinthani kukhala Sleep. Achinyamata amakonda kuika Do nothing kuti nyimbo zizilirabe kapena filimu ipitirize kutsika kuchokera pa intaneti laputopu ili yotseka, kenako mwiniwake sauzidwa. Ine kwa anthu oyenda maulendo ataliatali ndimaika Hibernate pabatire: imachedwako kudzuka, koma imasunga ntchito yanu pa disiki n'kuzimiratu, ndiye m'chikwama simutentha.

Zikakhala kuti mabokosi onse ali pa Sleep koma sikugonabe, tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe powercfg /requests. Ionetsa pulogalamu kapena dalaivala (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) imene ikugwira makina kuti asagone. Ngati imagona kenako n'kudzuka yokha, powercfg /lastwake ikuuzani chimene chinaidzutsa, ndipo kawirikawiri ndi mausi yopanda waya imene yagwedezeka m'chikwama momwemo. Zulani kachidutswa kake ka USB musanatseke. Lembaninso powercfg /a. Mukaona mawu akuti S0 Low Power Idle pamndandanda wapamwamba wa available, osati wa not available, laputopu yanu ndi ya mtundu umene sugona tulo tofa nato, imatha kumalumikizanabe ndi intaneti ili yotseka. Imeneyo paulendo izimitseni ndithu.

Sikirini ya aphunzitsi aja inkawalabe mpaka kutsekeka. Apa ndi pamene ndinapempha singano kwa amayi osoka zovala amene timagawana nawo khonde. Ndinaimanga ku ulusi n'kuilendeweretsa, kumaiyendetsa m'mphepete mwa sikirini kuyambira pakona yakumanzere, kukwera, kudutsa pa kamera, kutsikira kumanja. Pamene pali maginito singano imadumpha yokha n'kumamatira, mumachita kumva kakuti "ta". Ndimakonda ulusi chifukwa dzanja silikanikiza, galasi silikalika. Tinazungulira kawiri, singano osagwira paliponse.

Ndinawafunsa ngati sikirini inasinthidwapo. Anavomera kuti mwana anaigwetsa chaka chatha, ndipo anakasinthitsa chivundikiro chonse kwa mmisiri wina mumzinda. Kamaginito kanatsalira m'chivundikiro chakale. Zimenezi ndaziona kangapo, ndipo nthawi zina kamangomatuka guluu akauma n'kugwera m'kati mwa felemu.

Tisanatsegule kanthu tinayesa sensa. Ndinatenga kamaginito kam'kati mwa mahedifoni akufa, n'kumakayendetsa pang'onopang'ono m'mphepete mwa kiyibodi, laputopu ili yotsegula ndiponso yoyaka. Titafika chakumanja, pafupi ndi pamene pamakhala chikhatho, sikirini inazima. Nditachotsa, inayakanso. Aphunzitsi anaseka mokweza. Musagwiritse maginito aakulu a sipika ya wailesi, makamaka ngati laputopu ili ndi hadi disiki yozungulira ija. Komanso sikirini ikapanda kuzima, tembenuzani kamaginito muyesenso, chifukwa masensa ena amamva mbali imodzi yokha. Dziwani kuti masipika a laputopu nawo ali ndi maginito, ndiye singano ikamamatira kumunsi musasokonezeke.

Pamalo pamene sikirini inazimira ndinamatapo kapepala, n'kutseka chivundikiro kuti ndione mbali ya felemu imene ikugwera pamenepo. Felemu ya pulasitiki imatsegulidwa ndi khadi yakale, osati mpeni, laputopu itazimitsidwa ndipo chaja chitazulidwa. M'kati munali kabowo kake ka maginito kopanda kanthu. Ndinaikamo kamaginito kochokera pa laputopu ina yakufa, ndinayesa kutseka ndisanapake guluu kuti nditsimikize mbali, kenako n'kumata.

Pakakhala kuti maginito alipo koma sensa sikuyankha ngakhale mutayendetsa kamaginito ponseponse, musafulumire kunena kuti yafa. Dinaninso Windows ndi R, mulembe devmgmt.msc, mutsegule System devices, muyang'ane ACPI Lid. Ikakhala ndi chizindikiro chachikasu, ichotseni n'kuyatsanso makina, Windows iibwezeretsa yokha. Amene ali pa Linux alembe cat /proc/acpi/button/lid/*/state, aone ngati mawu akusintha kuchoka pa open kupita pa closed akayandikiza maginito, ndipo mzere wa HandleLidSwitch, wosankhira chochita chivundikiro chikatsekedwa, uli mu /etc/systemd/logind.conf. Kuika BIOS yatsopano, pulogalamu imene imadzutsa makina Windows isanayambe, kumathandiza nthawi zina, koma ndimakuika kumapeto, batire itadzaza, chifukwa makina akazima pakati pa ntchitoyo akhoza osayakanso. Zonsezi zikakanika, mwina kawaya ka sensa kazuka kapena kasensako kapsa. Pa malaputopu ena kali pakabolodi kakekake kosavuta kusintha, pa ena kanawotcheredwa pabolodi yaikulu, ndipo pamenepo ndimalangiza munthu kuti asawononge ndalama, azingodina Sleep kapena Shut down ndi dzanja asanatseke.

Palinso vuto lotembenuka: sikirini kumazima yokha muli m'kati molemba. Yang'anani ngati mwasanjika laputopu pamwamba pa inzake, kapena mwaika foni pafupi ndi kiyibodi, kapena lamba wa wotchi yanu ali ndi maginito.

Aphunzitsi aja anaitseka pamaso panga, kanyali kam'mbali kanayamba kuphethira pang'onopang'ono, fani inakhala chete. Anaika khutu pachivundikiro kwa kanthawi, kenako n'kuilowetsa m'chikwama. Singano ndinakabweza kwa amayi aja ulusi uli pomwepo.