Kathabwa kogwirira chigayo cha khofi cha pamanja

Mukamagaya khofi wokazinga pang'ono ndi chigayo chopukusa pamanja, njere zimakhala zolimba moti chigayo chimangoterereka, dzanja n'kuyamba kuwawa. Ine ndinapeza kathabwa kokhuthala masentimita 4, n'kukaboola pakati bowo lokulirapo pang'ono kuposa kunsi kwa chigayocho. M'mbali mwa bowolo ndinamatamo kachidutswa ka chubu chakale cha njinga. Mphirayo ndi imene imagwira zolimba, ndipo sikanda chigayo.

Kathabwako ndimakapanira m'mphepete mwa tebulo ndi chopanira cha akalipentala. Musaboole mpaka kutulukira kuseri, siyani pansi poti chigayo chikhalepo. Bowo lisathinenso kwambiri, chifukwa mudzavutika kuchizula nthawi yokhuthula khofi wogayidwayo, ndipo mukhoza kumutaya pansi.