Momwe Mungaonetsere Ophunzira Chiyambi cha Kumanzere ndi Kumanja M'dzira la Nkhuku

Aliyense amene anatumbulapo thadzi kwathu kuno ku Chipata anaona timazira tachikasu tothithikana pafupi ndi msana, koma ndi ochepa amene anazindikira kuti timazirato timakula kumbali yakumanzere kokha, pakuti chiwalo chopanga mazira chakumanja chimafota nkhuku isanaswedwe n'komwe. Mphunzitsi wa Biology ayambire pamenepa, kenaka awauze ophunzira kuti agwire pachifuwa amve kumene mtima ukugunda, ndipo awakumbutse kuti chiwindi chili kumanja pamene chifu chili kumanzere. Funso la phunziro lonse ndi lakuti mluza, umene poyamba umaoneka wofanana mbali zonse ziwiri, umadziwa bwanji kumene kuli kumanzere.

Pezani mazira anayi kapena asanu a nkhuku zakumudzi zimene zimayenda ndi tambala, chifukwa mazira ambiri a m'sitolo amachokera ku nkhuku zosakumana ndi tambala ndipo mulibe mluza. Lembani tsiku ndi ola pa chigoba ndi pensulo, kenaka muwaike pansi pa thadzi limene layamba kale kufungatira. Ine ndimakhulupirira thadzi kuposa makina ofungatira mazira, popeza dzira limafuna kutentha kwa madigiri 37 mpaka 38 mosadukiza, ndipo magetsi akazima usiku wa mu June kapena July ntchito yonse imaonongeka.

Pakatha masiku atatu, tengani dzira limodzi osaligwedeza, muligoneke chammbali kwa mphindi zingapo kuti mluza uyandame pamwamba pa chikasu. Thirani madzi ofunda m'mbale yakuya, osungunuliramo mchere wokwana masupuni aang'ono amodzi ndi theka pa lita imodzi, ndipo muswe chigoba chapansi pang'onopang'ono kuti chikasu chitsetserekere m'madzimo chisanaphulike. Mudzaona timitsempha tofiira toyala ngati mizu, ndipo pakati pake pali kamluza kopindika, kosaposa njere ya mpunga, kamtima kake kakuphethira. Kamera ya foni imakakulitsa mokwanira. Onetsetsani zinthu ziwiri: mluza wagonera mbali yake yakumanzere, ndipo mtima, umene unayamba ngati kapaipi kowongoka, wakhotera kumanja. Mukaswa dzira lachiwiri mudzapeza zomwezo. Mluza wotere sukhalanso ndi moyo, choncho musaswe mazira ambiri, ndipo onse asambe m'manja ndi sopo.

Apa mpamene kufotokoza kumalowa, ndipo musathamange. Maselo a mluza amatumizirana mauthenga kudzera m'mapuloteni otchedwa growth factor: selo lina limatulutsa puloteniyo, iyo imakakakamira pa khungu la selo loyandikana nalo, ndipo selo lolandiralo limadzutsa majini (malangizo achibadwa a m'selo) amene anali chete. Dzira lisanathe tsiku limodzi pansi pa thadzi, pa kamfundo ka pakati pa mluza kotchedwa Hensen's node, puloteni ya Sonic hedgehog imatsalira kumanzere kokha, ndipo imachititsa kuti maselo a mbali imeneyo ayambe kupanga growth factor yotchedwa Nodal. Nodal imafalikira kumbali yonse yakumanzere n'kudzutsa jini ya Pitx2, imene imauza ziwalo zomwe zikuphuka kuti zili kumanzere, kuphatikizapo chiwalo cha mazira chija. Pakati pa thupi pali puloteni ina, Lefty, imene imaima ngati mpanda kuti Nodal isawolokere kumanja. Zambiri mwa izi zinayamba kudziwika mu 1995, pamene asayansi Michael Levin ndi Cliff Tabin anaonetsa kuti uthenga wakumanzere ukaikidwanso kumanja, mtima umakhotera mbali iliyonse mwachisawawa.

Jambulani mzere pansi ndi choko, muimike ophunzira mbali ziwiri, ndipo mupereke kapepala koimira Nodal kwa mmodzi wakumanzere kuti kayende dzanja ndi dzanja, pamene atatu aima pamzerewo ngati Lefty kuletsa kuti kasadutse. Achenjezeni kuti asaloweze pamtima zoti growth factor iliyonse ili ndi mbali yake yokhazikika, chifukwa ina yotchedwa FGF8 imagwira ntchito kumanja mu nkhuku, kuletsa Nodal, pamene mu mbewa imafunika pa uthenga wakumanzere. Chiyambi chenichenicho chimasiyananso: mu 1998 Shigenori Nonaka ndi Nobutaka Hirokawa a ku Japan anapeza kuti mu mbewa timaubweya ta maselo, totchedwa cilia, timazungulira n'kukankhira madzi kumanzere. Koma mu nkhuku maselo eni ake ndiwo amasuntha mozungulira kamfundo kaja.

Wophunzira wina adzafunsa zimene zimachitika uthengawo ukasokonekera. Muyankheni kuti pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 10,000 amabadwa ziwalo zake zonse zitatembenuka, mtima kumanja chiwindi kumanzere, zimene madokotala amati situs inversus, ndipo ambiri amakhala athanzi osadziwa kanthu mpaka tsiku lojambulidwa pachifuwa. Vuto lalikulu limabwera pamene ziwalo zina zatembenuka zina osatembenuka, chifukwa pamenepo mitsempha ya mtima kawirikawiri imalumikizana molakwika ndipo mwanayo amafunika kuonedwa msanga ndi dokotala wa mtima.