Musanayitanitse chakumwa m'sitima yapamadzi yoyendetsa alendo

M'sitima zambiri zotere simulipira ndi ndalama zapamanja, chifukwa khadi lotsegulira chipinda chanu ndi lomwenso mumagulira zakumwa, ndipo zonse zimawunjikana pa bilu imodzi yomwe mumalipira ulendo ukamatha. Apa ndi pamene ambiri amadzidzimuka. Pa mtengo wa chakumwa chilichonse amawonjezerapo okha ndalama yothokozera woperekera, kawirikawiri pakati pa 15 ndi 20 peresenti, choncho muziwerenga lisiti musanasayine, kuopa kupereka kangachepe kawiri pamzere wopanda kanthu womwe umakhala m'munsi mwake. Ngati wakutumikirani bwino, kuwonjezera n'koyenera ndithu, koma muchite mukudziwa.

Mukafuna kulipiriratu zakumwa za ulendo wonse, dziwani kuti makampani ambiri amafuna kuti akuluakulu onse ogona m'chipinda chimodzi alipire, ngakhale mmodzi samwa kwambiri, ndipo ine ndimaona kuti kwa womwa pang'ono zimenezi n'zoluza.

Mowa wogula padoko, nthawi zambiri a m'sitima amakusungirani mpaka tsiku lotsiriza. Sitima zonyamuka ku United States nthawi zambiri sizigulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 21.