Mmene mungasanjire mbali za chiganizo cha Chingerezi kuti zifanane

Pa zaka zimene ndakhala ndikuchonga zimangirizo za ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 kuno ku Mangochi, pali cholakwika chimodzi chimene ndimachipeza pafupifupi m'kope lililonse, ngakhale la mwana amene galamala amaidziwa bwino. Mwana amalemba kuti, "During the holiday I like swimming, to fish and paddling a canoe." Liwu lililonse walilemba molondola ndipo tanthauzo likumveka, koma chiganizocho chapendekeka ngati bwato limene anthu onse akhalira mbali imodzi. Lamulo limene laphwanyidwa apa limatchedwa parallel structure kapena parallelism, ndipo limanena kuti mawu amene akugwira ntchito imodzi m'chiganizo akhalenso a mtundu umodzi: dzina liyende ndi dzina linzake, mfotokozi ndi mfotokozi, mneni wa nthawi yakale ndi mneni wa nthawi yakale.

Tisanafike pa njira yokonzera, ndi bwino kuona kumene vutoli limachokera, chifukwa ineyo sindikhulupirira kuti ana athu amalakwitsa chifukwa cha ulesi. M'Chichewa timati, "Ndimakonda kusambira, kuwedza ndi kupalasa bwato," ndipo mphatikiri ku- amafola aneni onsewo pamzere umodzi popanda ife kuganizirapo. M'Chiyao, chimene ana ambiri a ku Namwera, ku Malindi ndi kwa Makanjira amayankhula kwawo, zilinso chimodzimodzi. Koma Chingerezi chili ndi njira ziwiri zonenera chimene ife timanena ndi ku- mmodzi yemweyo: pali "to swim" ndiponso pali "swimming". Mwana amene akuganiza m'Chichewa saona kusiyana kulikonse pakati pa ziwirizi, motero amatola imene yabwera msanga m'mutu. Chiganizo chija chimakonzeka tikasankha njira imodzi n'kuigwiritsitsa mpaka kumapeto: "I like swimming, fishing and paddling a canoe," kapena "I like to swim, fish and paddle a canoe."

Pali chizolowezi china cha chiyankhulo chathu chimene chimavutitsa koposa. Pofotokoza nkhani timati, "Anapita kumsika, n'kugula usipa, n'kubwerera kwawo." Mneni woyamba yekha ndiye amasenza nthawi, ndipo otsatirawo amangodalira iye. Mwana akatengera kaganizidwe kameneka m'Chingerezi amalemba kuti, "She went to the market, buy usipa and returning home." Chingerezi sichilola mneni mmodzi kusenzera anzake nthawi mwa njira imeneyi, aliyense ayenera kuonetsa yekha kuti ndi wa nthawi yakale: "She went to the market, bought usipa and returned home."

Njira imene ndimaphunzitsa ndi yosavuta, ndipo imangofuna pensulo. Mukamaliza kulemba, bwererani pachiyambi ndipo muzunguze mlumikizi aliyense, makamaka "and", "or" ndi "but". Kenaka yang'anani zimene mlumikiziyo walumikiza, mupeze pamene mndandandawo wayambira, ndipo muwerenge chiyambi cha chiganizo pamodzi ndi chinthu chilichonse pachokhapachokha. Ngati chimodzi chikukana kugwirizana ndi chiyambicho, chimenecho ndicho chopunduka.

Mtsikana wina amene anali atangolemba mayeso a MSCE anabwera kunyumba kwanga ndi kalata yofunsira ntchito pa malo ena ogona alendo kufupi ndi Monkey Bay. Chiganizo chimene ankanyadira kwambiri chinali chakuti, "I am honest, hardworking and I speak three languages." Ndinamuuza kuti alembe "I am" kumanzere kwa pepala, ndipo zinthu zitatuzo azitsike nazo kumanja, china pansi pa chinzake. Anawerenga mokweza: "I am honest. I am hardworking. I am I speak…" Anaima pomwepo, n'kuluma pensulo, kenaka anati, "Aphunzitsi, chachitatuchi chakana." Sindinamufotokozere lamulo lililonse; khutu lake linamva lokha. Anali ndi njira ziwiri: kusandutsa chachitatucho kuti chikhale mfotokozi ngati zinzake, "I am honest, hardworking and fluent in three languages," kapena kuchichotsa pamndandandawo kuti chiime pachokha, "I am honest and hardworking, and I speak three languages." Anasankha yoyamba chifukwa ndi yaifupi, ndipo ndinagwirizana naye.

Posankha pakati pa "to" ndi "-ing" simuli omasuka nthawi zonse, chifukwa mneni amene ali patsogolo ndiye amalamula. Aneni monga "enjoy", "avoid" ndi "finish" amafuna "-ing", pomwe "want", "hope" ndi "decide" amafuna "to". Aneni monga "like", "love", "prefer" ndi "start" amalandira zonse ziwiri, ndipo n'chifukwa chake kusakaniza kumachuluka pa aneni amenewa. Mukasankha "to", mukhoza kumulemba kamodzi kokha pachiyambi kapena kumubwereza pa chinthu chilichonse, koma musamulembe pa choyamba ndi chachitatu n'kudumpha chachiwiri. Zomwezonso ndi mawu aang'ono monga "the", "a", "in" ndi "that".

Pamene ngakhale akuluakulu a m'maofesi amapunthwa ndi pa alumikizi oyenda awiriawiri: "both … and", "either … or", "neither … nor" ndi "not only … but also". Apa lamulo ndi lakuti chimene chikubwera pambuyo pa liwu loyamba chifanane ndendende ndi chimene chikubwera pambuyo pa lachiwiri. Taonani chiganizo ichi: "The fishermen not only sell chambo but also utaka." Pambuyo pa "not only" pali mneni, "sell", koma pambuyo pa "but also" pali dzina, "utaka". Kukonza kwake ndi kungosuntha mawu awiri: "The fishermen sell not only chambo but also utaka." Tsopano dzina layang'anizana ndi dzina. Mofananamo, "You can either travel by minibus or by bicycle taxi" chimakhala bwino tikati, "You can travel either by minibus or by bicycle taxi." Ndikudziwa kuti poyankhula anthu ambiri, ngakhale eni chiyankhulocho, salabadira zimenezi, ndipo palibe amene amawadzudzula. Koma cholembedwa chimawerengedwa kawiri kapena katatu, ndipo wochonga mayeso kapena wolemba anthu ntchito amakhala ndi nthawi yoona pamene pakhota. Tisaiwale kuti satifiketi ya MSCE, imene imaperekedwa ndi bungwe la MANEB, munthu saipeza ngati walephera Chingerezi.

Poyerekeza zinthu ndi "than" kapena "as … as" pamafunikanso maso. "Walking across the bridge is quicker than to wait for a boat" chikonzedwe kuti chikhale "Walking across the bridge is quicker than waiting for a boat." Cholakwika chobisika kwambiri ndi ichi: "The water of Lake Malawi is clearer than Lake Malombe." Wolembayo wayerekeza madzi ndi nyanja, pomwe amafuna kuyerekeza madzi ndi madzi, ndipo mawu awiri okha, "that of", ndiwo akusowa: "clearer than that of Lake Malombe."

Sindikufuna kuti nkhaniyi ioneke ngati yongopewa inki yofiira, chifukwa kufanana kwa mbali za chiganizo ndi kumene kumachititsa kuti mawu akhazikike m'mutu mwa womvera. Makolo athu ankazidziwa bwino zimenezi pamene ankati, "Walira mvula, walira matope," kapena "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata." Mbali yachiwiri imaponda m'mapazi a yoyamba, ndipo n'chifukwa chake mwambi suiwalika. Abraham Lincoln, polankhula ku Gettysburg mu 1863, anagwiritsa ntchito luso lomweli m'mawu akuti "government of the people, by the people, for the people," pamene mperekezi yekha ndiye akusintha ndipo zina zonse zili chimodzimodzi. Mwana amene anakulira pa miyambi ali nalo kale khutu la zimenezi, ndipo ntchito ya mphunzitsi ndi kungomuthandiza kuti alitchere pa Chingerezi.

Komabe musakakamize zinthu zosiyana kuti zikhale pamzere umodzi pongofuna kuti chiganizo chimveke bwino. Wogulitsa nsomba pamsika wa pa boma saika chambo ndi usipa pamulu umodzi, ndipo maganizo osiyana nawonso amafuna malo osiyana. Wophunzira akalemba kuti, "The floods destroyed houses, crops and people were moved to camps," palibe njira yabwino yosandutsira mbali yachitatuyo kuti ikhale dzina la chinthu choonongedwa, chifukwa anthuwo sanaonongedwe, anangosamutsidwa. Tsekani mndandandawo pa zinthu ziwiri, muike mpumiro, ndipo muyambe chiganizo china: "The floods destroyed houses and crops. People were moved to camps."